Khonsolo iike pansi chikwakwa, mzinda ulime ndiwo

Mvula yoyamba ikangonunkhira, makhonsolo a mizinda yathu amakumbukira kuti ali ndi malamulo. Chidziwitso chimamveka pa wailesi, chimatuluka m'nyuzipepala: kulima m'mbali mwa misewu, pa malo a khonsolo ndi m'mphepete mwa mitsinje n'koletsedwa, ndipo wosamvera mbewu zake zidzatchetchedwa. Anthu amamva ndithu, koma mizere amaungabe. Chimanga chimamera, chimathiridwa feteleza wa ngongole, chimafika m'chiuno, ndipo chikangotsala pang'ono kumasula, anyamata a zikwakwa amatulukira. Amayi amalira, atolankhani amajambula, andale amadzudzula, nkhani n'kuzizira. Chaka chinacho zimabwerezedwa osasintha kanthu.

Zimenezi zatikwana, ndipo mbali zonse ziwiri n'zolakwa. Khonsolo ikulakwa chifukwa imayesa mzinda ndi malo odyerako chabe, kuti munthu akangotsika basi yochokera ku Dowa kapena ku Chiradzulu, manja ake aiwale khasu. Ifenso okhala m'tauni tikulakwa chifukwa kwa ife kulima ndiye chimanga, chimanga ndiye kulima. Tawerengani nokha. Mlimi wamba m'dziko muno amakolola matani pafupifupi 2 pa hekitala. Ndiye kuti kamalo ka mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi kamatulutsa makilogalamu 20, osakwana ndi theka lomwe la thumba, ufa wa sabata imodzi kapena ziwiri. Kamalo komweko, mutadzalapo masamba n'kumathirira, banja lingadye ndiwo chaka chathunthu, zina n'kugawirako aneba. Mkangano wa chimanga cha m'mbali mwa msewu watiiwalitsa funso loyenera kufunsa: mzinda wokhala ndi dothi, dzuwa, manja ndi zinyalala zowola zochuluka chonchi, ukudyeranji ndiwo zofota zochokera mtunda wa makilomita 100, kudyanso kwake kopereweza?

Tiyambire m'mbale. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Kafukufuku wa matenda osapatsirana amene unduna wa zaumoyo unachita mu 2009 anapeza kuti pafupifupi akuluakulu onse a m'dziko muno safikapo pa mlingo umenewu, ndipo munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina, wa 2015 mpaka 2016, anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ana 63 mwa 100 anali ochepa magazi, ndipo mwa amayi a msinkhu wobereka, mmodzi mwa atatu analinso wochepa magazi. Malungo ndi njoka za m'mimba zili ndi mbali yake pamenepa, palibe angakane, koma kadyedwe katinso sikangathawe mlandu. Ndipo tisadzinamize kuti izi n'za kumudzi. M'tauni mimba imakhuta nsima, chipisi, mandasi ndi zakumwa zotsekemera, thupi lili ndi njala. N'chifukwa chake m'nyumba imodzi mumapezeka mwana wopinimbira ndi mayi wonenepa modwalitsa, onse akudya mbale imodzi.

Kusikelo amayi amaphunzitsidwa za magulu 6 a zakudya mpaka kuwaloweza. Akatuluka pachipata cha chipatala amakakumana ndi msika, ndipo msika sudziwa za magulu 6. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama ikachepa mphamvu, lendi sungaichepetse, makala sungawasiye, ufa sungaugule theka. Chimene chimachepa ndi ndiwo. Kamtolo kamodzi ka repu, tomato awiri, kaanyezi ndi mafuta oyeza, n'kuthira madzi ambiri kuti msuzi ukwanire anthu asanu ndi mmodzi. Zipatso ndiye zimadikira mlendo kapena wodwala. Uphungu wa zakudya umene suuza munthu kumene masambawo achokere ndi uphungu wongotonza.

Pomwe masambawo angachokere ndi kuseri kwa nyumba. Bonongwe mukafesa lero, pakatha masabata atatu kapena anayi mwayamba kuthyola. Mpiru, repu ndi chayinizi satenga miyezi iwiri. Mbatata ya kholowa mukaika m'ngalande ya pakhomo, masamba mumathyola mpaka kutopa nawo, ndipo ikakhala mbatata yofiira mkati, ya mitundu ngati Zondeni kapena Kadyaubwerere, mwana amapezamo vitamini A amene boma limavutikira kuthira mu shuga ndi m'mafuta ophikira. Chamwamba chimaphuka pa nthambi yongozika. Papaya amabereka chaka chisanathe kapena chikangotha kumene. Maungu amayanga pa mpanda, nyemba zimakwera pa waya, ndipo nkhwani ndi khwanya zimabwera zokha ngati basela. Zikachuluka m'dzinja, agogo athu anatisiyira nzeru ya mfutso, imene sifuna filiji kapena magetsi a ESCOM.

Palinso nkhani ya chimene chili pa ndiwo zogula. Tomato wa ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Bembeke amene amadzaza msika wa Wakawaka, kapena wa ku Bvumbwe amene amatsikira ku Limbe, tamuyang'anitsitsani. Kaufa koyererako kamene kamamatirira pakhungu pake nthawi zambiri si fumbi la mumsewu, ndi mankhwala a Dithane. Chifikireni kapuchi ka Tuta absoluta cha m'ma 2016, alimi a tomato akhala akupopera mankhwala mowirikiza kuti apulumutseko kangachepe. Pa botolo lililonse amalembapo masiku oyenera kudikira usanakolole, koma mlimi amene galimoto ya ogula ikubwera mawa m'mamawa sangadikire sabata. Sindikumuda mlimiyo, ali ndi fizi ya ana ndi ngongole ya kubanki m'khonde. Ndikungonena kuti wodya sauzidwa. Masamba akafika pamsika amawazidwa madzi tsiku lonse kuti asafote, ndipo wogula safunsa kuti madziwo atungidwa kuti. Dziko lino linataya anthu oposa 1,700 ndi kolera amene anayamba mu Malichi 2022, mliri woopsa kuposa ina yonse ya kolera m'mbiri yathu, ndipo Lilongwe ndi Blantyre ndi amene anakhudzidwa kwambiri. Kolera amayenda ndi madzi komanso chakudya chokhudzidwa ndi madzi oipa. Wothyola ndiwo pakhomo pake amadziwa chimene anathira, tsiku limene anathira ndi madzi amene anathirira.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ndiwo zosavuta kulima m'tauni ndi zomwezo timachita nazo manyazi. Luni, chisoso, denje, mnadzi, bonongwe: zimamera zokha pa dzala, sizilira mankhwala ambiri, zimapirira dzuwa, ndipo pa michere zimaposa kabichi kutalitali. Koma tinaphunzitsidwa kuti zimenezi n'za amphawi, munthu wa pantchito amadya kabichi. Wantchito wa pabwalo amauzidwa kuti azule chisoso chonse, kenaka bwana yemweyo amakagula mapiritsi a ayironi ku famase. Mu 1955 Jessie Williamson anasindikiza buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland, momwe analemba zomera mazanamazana zimene makolo athu ankadya ndi kugwiritsa ntchito. Lero mwana wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa angatchule zingati? Ku Chitedze, kunja pang'ono kwa Lilongwe, a Never Ending Food akhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti pabwalo la nyumba wamba pangatuluke zakudya za mitundumitundu chaka chonse, popanda feteleza wogula. Anthu amapita kukaona, amagwedeza mutu mogoma, akabwerera kwawo n'kutenga tsache. Apa ndiwonjezepo kamodzi kwa ophika: soda wa m'therere ndi m'nkhwani amafewetsa ndithu, koma amapha mavitamini ena amene mwavutikira kulima. Nsinjiro zilibe mlandu, soda ndiye achepe.

Za kulimbitsa thupi sinditayapo nthawi. Amene adokotala anawauza kuti shuga ndi BP zimafuna kuyendayenda, ndipo ndalama ya jimu alibe, akanyamula kheni m'mawa ndi madzulo aona okha.

Tsopano tsache lija. Palibe chida chimene chawononga nthaka ya m'mizinda yathu kuposa tsache ndi machesi. M'mamawa uliwonse timasesa pabwalo mpaka dothi kuuma gwa, timaunjika masamba a mango, makoko a nthochi ndi zotsalira za kukhitchini, madzulo n'kuyatsa pamodzi ndi majumbo. Utsi umene umaphimba Ndirande, Chinsapo kapena Area 25 dzuwa likamalowa, ana athu ndi amene amapuma. Zimene sitinawotche timakataya mumtsinje kapena timadikira galimoto ya khonsolo imene m'madera ambiri siifika n'komwe. Zikafika ku Mzedi ku Blantyre kapena ku Area 38 ku Lilongwe zimawolerana mopanda mpweya, n'kumatulutsa mpweya wa methane, umene umatenthetsa dziko kuposa utsi wamba. Chonsecho mbali yaikulu ya zinyalala za m'mizinda yathu ndi zinthu zowola. Ndi manyowa amenewo. Tikuwotcha manyowa madzulo, m'mawa n'kukaima pamzere wa feteleza wochokera kunja, wogulidwa ndi madola amene dziko lilibe.

Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa kumudzi manyowa a m'dzenje, a chimato, a changu, ndi aja a Mbeya osakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono. M'tauni zipangizo zake zili mbwee: phulusa la mbaula, gaga wa kuchigayo, zitosi za nkhuku za aneba, zinyalala za pamsika zimene khonsolo imalipira mafuta kuti ikataye. Banja limene lili ndi dzenje la manyowa limachepetsa katundu wa galimoto ya zinyalala popanda kupempha thandizo kwa azungu. Msika uliwonse waukulu ukanakhala ndi malo ake owoletsera zinyalala, achinyamata n'kumagulitsa manyowa m'matumba. Koma manyowa amafuna wogula, ndipo wogula wake ndi munthu wa dimba, yemwe uja khonsolo ikumuthamangitsa.

Nthaka yosesedwa ndi yowakidwa simenti simwa madzi. Mvula ikagwa pa denga la malata, n'kutsikira pabwalo louma kapena pa mapevingi, imathamangira kwa mnzako wa kumunsi, n'kukumba msewu, n'kudzaza ngalande zotsekeka ndi majumbo. Anthu a ku Mtandire, ku Kawale ndi madera ena a m'mbali mwa Lingadzi ndi Lilongwe akudziwa mmene madzi osefukira amalowera m'nyumba usiku. Pabwalo lophimbidwa ndi mbewu, udzu wouma ndi mitengo ya zipatso, madzi amachedwa, amalowa pansi, zitsime za m'deralo zimachedwa kuphwa. Mtengo wa peyala kapena wa mango kumadzulo kwa nyumba umaziziritsa chipinda mu Okutobala popanda fani. Bwalo limodzi silingaletse chigumula, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda wa Lilongwe ndi 800,000 mu Blantyre. Mabwalo a anthu onsewa mukawaphatikiza ndi nthaka yaikulu, ndipo pakali pano yambiri ikungoseseredwa.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo zina n'zoona. Yoyamba ndi ya udzudzu, yakuti umaswana m'chimanga. Mu 1978 akatswiri a ku Zambia anafufuza m'timadzi totsalira pakati pa tsamba ndi phesi la chimanga, ndipo udzudzu wa malungo sanaupezemo. Umaswana m'zithaphwi, m'maenje oumbira njerwa, m'ngalande zotsekeka ndi m'maenje a mumsewu, zinthu zimene zili m'manja mwa khonsolo yomweyo. Mlimi wa dimba asasiye madzi atadikha, basi. Yachiwiri ndi ya mbava, yakuti zimabisala m'chimanga, komanso kuti chimanga cha pa mphambano chimatchinga madalaivala. Apa ndikuvomereza. Mayi woweruka usiku ali ndi ufulu woyenda osaopa munda wa munthu. Koma kodi ndani anabisalapo m'bedi la mpiru? Mfundo imeneyi ikutsutsa chimanga cha m'mbali mwa msewu, sikutsutsa ndiwo. Ndipo amene amadera nkhawa chitetezo chathu chonchi akanayamba ndi kuyatsa magetsi a m'misewu.

Mfundo yachitatu ndi yolemera, ndipo okonda ulimi wa m'tauni asaizembe. Kulima m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje kumapha. Nkhalango ya phiri la Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990, minda n'kukwera mpaka pamwamba, dothi n'kumatsikira m'damu la Mudi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe, ndipo dziko lonse linalira maliro mazanamazana. Phiri lopanda mitengo, lodzala nyumba ndi mizere, silingagwire mvula yotero. Pamenepo lamulo ligwire ntchito, ndipo ligwire mbewu isanadzalidwe, osati itafika m'chiuno. Chimodzimodzi kuthirira ndiwo ndi madzi a mtsinje wa Mudi kumunsi kwa mafakitale a ku Makata, kumene akatswiri a m'sukulu zathu za ukachenjede apezako kangapo zitsulo zapoizoni. Chimodzimodzinso kulima pa dzala lakale pamene anthu ankatayapo mabatire, kapena penipeni pa msewu waukulu: petulo wokhala ndi mtovu analetsedwa m'chigawo chino cha Africa mu 2006, koma mtovu umene unagwera m'dothi suchoka msanga. Zonsezi zikusonyeza chinthu chimodzi. Pakufunika woti anene kuti apa limani, apo ayi, madzi awa thirirani, awo ayi. Lamulo longoti musalime paliponse limakankhira mphawi kumalo oopsa kumene maso a khonsolo safika: kuphiri, kumtsinje ndi kudzala.

Ophunzira ena adzabwera ndi kafukufuku wa ku University of Michigan wa 2024, amene anapeza kuti ndiwo zolimidwa m'mizinda zimatulutsa mpweya wotenthetsa dziko kuchulukitsa kasanu ndi kamodzi poyerekeza ndi za kumunda. Awerenge mpaka kumapeto. Madimba 73 amene anayezedwa anali a ku Ulaya ndi ku America, ndipo chimene chinakweza chiwerengerocho ndi zomangamanga: mabedi a matabwa ogula, timashedi, tinjira towaka, zinthu zogwiritsidwa ntchito zaka zochepa n'kugumulidwa. Uphungu wa akatswiriwo unali wakuti madimba azikhalitsa, azimangidwa ndi zinthu zotayidwa, azidyetsedwa manyowa a zinyalala za mumzinda. Mayi wa ku Bangwe amene wadzala anyezi m'beseni lobooka anayamba kale kutsatira uphunguwo asanaumve. Amene akuuphwanya ndi wogumula dimba chaka ndi chaka.

Madzi ndiye vuto lenileni. Madzi ambiri amene Blantyre amamwa ndi opopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita oposa 30, kukwera phiri, ndi magetsi a ndalama zankhaninkhani. Lilongwe amadalira madamu a Kamuzu ku Malingunde, amene gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama yomwe ikutha ndi makala. Mayi wogula madzi pa kiyosiki ndowa imodziimodzi simungamuuze kuti azithirira dimba lalikulu. Koma tiyeni tione kumene madzi a m'mipopi akupita. M'mayadi a mipanda yaitali, paipi imatsegulidwa m'mawa wonse mu Okutobala kuthirira kapinga, udzu umene ngakhale mbuzi ya pakhomopo kulibe yoti idye. Palibe khonsolo inatumizako chikwakwa kumeneko. Ngati madzi a kapinga alipo, a ndiwo asowa bwanji? Ndipo kwa wa pa kiyosiki, madzi otsukira mpunga, mbale ndi ndiwo, amene panopa amakhuthulidwa pabwalo, amakwanira thumba limodzi kapena awiri a masamba, bola kuthira pa dothi osati pa masamba, ndi kupewa madzi ochapira matewera kapena a sopo wambiri. Kuphimbira ndi udzu wouma kumachepetsa kuthirira. Madzi a padenga, m'malo mokumba ngalande kwa aneba, angalowe m'mgolo.

Za malo nazo n'zoona, ndipo ndi pamene pagona chilungamo cha nkhaniyi. David Mkwambisi ndi anzake atafufuza mabanja oposa 300 a ku Lilongwe ndi Blantyre, m'kafukufuku wosindikizidwa mu 2011, anapeza kuti opeza bwino ndi amene amakolola zambiri m'tauni, chifukwa ali ndi malo ndi ndalama za zipangizo, pomwe mabanja osauka, makamaka oyendetsedwa ndi amayi, amakolola zochepa ngakhale kuti ndi amene amadalira ulimiwo kuti apeze kandalama. Ndiye kungolalikira kuti aliyense alime pakhomo pake n'kulankhula ndi okhuta. Wa pa lendi ku Mbayani kapena ku Mgona, pa mdadada wa zitseko khumi, pakhomo pake ndi khonde la sitepe imodzi. Ku Kibera, mu Nairobi, anthu opanikizana kuposa ife analima m'matumba: thumba lodzaza dothi ndi manyowa, mzati wa timiyala pakati kuti madzi atsike, mabowo m'mbali, mbande makumi angapo pa malo oti n'kuikapo mpando. Nzeru imeneyi ndi yathu kutenga. Koma thumba silingalowe m'malo mwa udindo wa khonsolo. M'mizinda yathu muli mapuloti amene eni ake anagula zaka khumi zapitazo n'kungowasiya tchire. Muli mabwalo a masukulu, a matchalitchi ndi a mizikiti, a zipatala ndi a maofesi a boma. Lilongwe anajambulidwa ndi mipata ikuluikulu pakati pa Area ina ndi inzake. Malo alipo, chosowa ndi pepala lonena kuti gulu ili la amayi lilime apa zaka zitatu popanda wolisokoneza. Munthu amene sakudziwa ngati adzakolole sakumba dzenje la manyowa, sadzala mtengo, sakonza ngalande. Amaponya chimanga n'kumapemphera.

Mizinda ina inazindikira kale. Rosario, ku Argentina, chuma cha dziko chitagwa mu 2001, anayamba chaka chotsatira kupereka malo ongokhala kwa mabanja osauka kuti alime ndiwo, kuphatikizapo m'mbali mwa njanji ndi malo osayenera kumangapo nyumba, n'kuwatsegulira misika yawoyawo. Kampala mu 2005 anakhazikitsa malamulo ovomereza ulimi wa mumzinda, onena poyera kumene munthu angalime ndi kumene sangalime. Ndipo tisayerekeze kuti n'zachilendo kwa ife. Mu 2003 nduna za maboma ang'ono za Kenya, Malawi, Swaziland, Tanzania ndi Zimbabwe zinagwirizana ku Harare kuti ulimi wa m'mizinda ulowe m'mapulani a mizinda yawo. Dzina la Malawi lili pa chikalata chimenecho. Papita zaka zoposa 20, ndipo mlimi wa m'tauni akadali munthu wolima mozemba, wopanda mlangizi, wosawerengedwa ndi unduna wa zaulimi chifukwa ndi wa m'tauni, wosafunidwa ndi khonsolo chifukwa ndi mlimi.

Wina adzafunsa za amayi ogulitsa ndiwo pamsika ndi alimi a ku Ntcheu, kuti aliyense akalima adzagulitsa kwa yani. Nkhawa imeneyi ikanakhala yomveka tikanakhala kuti tikudya masamba okwanira, koma tili kutali. Mbatata ya kachewere, kabichi, nyemba, anyezi wa chaka chonse ndi tomato wa m'dzinja tidzagulabe, ndipo ndalama yopulumuka pa kamtolo ka repu idzagula mazira kapena usipa pa msika womwewo. Pamene boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024, mudzi unalibe chotumiza kutauni. Mzinda umene sutulutsa ngakhale tsamba limodzi umagwa limodzi ndi mudzi. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Choncho a khonsolo, ntchito yanu si yovuta kuimvetsa. Yendani wodi ndi wodi, lembani malo ongokhala, yezani dothi ndi madzi pamene pali chikayiko, perekani zilolezo za zaka zingapo kwa magulu a anthu a m'deralo, poyambira amayi ndi achinyamata a pa lendi. Nenani kuti m'mbali mwa msewu mbewu isapitirire bondo. Mapiri ndi magombe a mitsinje atetezeni chaka chonse, kwa wolima ndi womanga yemwe, wosauka ndi wolemera yemwe. Mwini puloti yongokhala amene wabwereketsa malo ake mumuchotsereko msonkho. Pemphani unduna wa zaulimi ukupatseni alangizi. Mzinda wa anthu miliyoni sungakhale wopanda munthu wodziwa za nsabwe za m'masamba. Inu eni nyumba za lendi, thumba la mpiru pakhonde siligwetsa khoma, lolani alendi anu. Aphunzitsi aakulu, ana amene mumawatuma kusesa bwalo mpaka fumbi m'mamawa uliwonse angathe kusamala mabedi a ndiwo zothira m'phala lawo lomwe. Ndipo inu a mipanda yaitali, chotsani theka la kapinga.

Kwa inu awerengi, khansala wa dera lanu munamusankha nokha ndipo kwawo mukukudziwa. Kamufunseni kuti malo olimapo ndiwo m'wodi mwanu ali pati. Akakuyankhani kuti malamulo a mzinda salola, mumukumbutse kuti opanga malamulo a mzinda ndi makhansala.